Chikumbu Chopanda Kwawo

1. Timapepala tayera

Lolemba m'mawa Phuma anatsegula kabati kuti atulutse mabotolo ake awiri. Sipiriti wa m'mabotolomo, amene Loweruka ankaoneka ngati madzi, anali atasanduka wabuluu. Zikumbu zinali zili pansi, miyendo itapindika monga mwa nthawi zonse. Koma timapepala timene anaponyamo tija tinali mbee, topanda chilembo ngakhale chimodzi.

Dzina loti Phuma anam'patsa ndi mayi ake, ndipo sanalakwitse. Mtsikanayu anali wa Fomu 3, wanzeru ndithu, koma chilichonse ankachita ngati basi ikumusiya.

Pa tchuthi chimenechi, iye ndi mnzake wa m'kalasi ankaphunzira ntchito ku nyumba ya kafukufuku ya m'munsi mwa phiri. Mnzakeyo aliyense ankamutchula kuti Wailesi, chifukwa akayamba kuyankhula panalibe wodziwa pozimitsira. Woyang'anira nyumbayo anali amalume ake a Phuma.

Ntchito yake inali yotchera zikumbu zoyenda pansi, zija zamiyendo italiitali zimene zimabisala kunsi kwa miyala. Ankakwirira makapu apulasitiki m'nthaka mpaka m'milomo, chikumbu chikamathamanga n'kugweramo. Pakapita masiku ankazitsanulira m'botolo la sipiriti, n'kuponyamo kapepala kolembapo malo, kutalika kwa phiri pamalopo, tsiku ndi dzina la wotola.

Bondo la Amalume linali litakana zokwera phiri, choncho misampha ankayendera ndi atsikanawo. Wailesi anali ndi ya kumtsinje. Phuma anali ndi iwiri: wina m'munsi, m'mphepete mwa nkhalango ya paini, wina pamwamba penipeni, pamiyala pamene pamagona nkhungu.

Loweruka lija mvula inamupeza ali m'munsi. Pensulo inapulumuka m'manja n'kugwera mumng'alu wa thanthwe. Lamulo la Amalume ankalidziwa bwino, lakuti kapepala kolowa m'botolo kamalembedwa ndi pensulo basi. Koma m'thumba munali bolopeni, mabingu ali mkati kuwomba. Analemba ndi bolopeniyo, m'munsi ndi pamwamba pomwe, osadziwa kuti sipiriti amadya inki.

Ndipo tsoka lake, Lolemba limeneli ndi limene kunkabwera Apulofesa, mayi wa ku yunivesite wodziwa mayina a zikumbu. Iwo anali ndi malo a mwana wasukulu mmodzi yekha, woti akaphunzire nawo tchuthi chachikulu chonse ku nyumba yosungira tizilombo ya mumzinda. Malowo Phuma anayamba kuwalakalaka ali Fomu 1.

2. Nzeru za Wailesi

Wailesi analowa akuimba, thireyi yake ili pamutu ngati wamalonda. Ataona nkhope ya mnzake, nyimbo inathera m'kamwa.

"Amwali, mwakumana ndi mzukwa?"

Phuma anangoloza mabotolo.

"Mayo ine! Unalemba ndi bolopeni?"

"Pensulo inagwa. Mvula ija unaiona wekha."

"Ndiye la pamwamba ndi liti, la m'munsi ndi liti?"

"Ndikanadziwa bwenzi ndikunjenjemera chonchi?"

Mabotolowo anali ofanana ngati mapasa, zotsekera zonse zakuda. Lililonse linali ndi zikumbu pafupifupi khumi, zakuda, za mtundu umene umapezeka paliponse paphiripo. Koma m'botolo limodzi munali china chosiyana ndi zinzake. Chinali chachitali ngati mfundo ya chala, chonyezimira ngati waya wa kopa, mapewa ake obulungira. Phuma sanakumbukire kuti chinachokera mumsampha uti. Mvula ija ankangotsanula osayang'ana.

Wailesi anasuzumira pazenera, kenako anatsitsa mawu, chinthu chimene sichinkachitika kawirikawiri.

"Tamvera. Amalume ako ali koyeza mvula, ndi bondo lija safika kuno naini koloko isanakwane. Taya sipiriti ameneyu, utsuke mabotolo, uthire watsopano, ulembe ndi pensulo. Adziwe ndani? Zikumbu siziyankhula."

"Koma ndilembapo chiyani?"

"Si ananena okha kuti zachilendo zambiri zimakhala pamwamba? Chonyezimirachi n'cha pamwamba basi. Linalo likhala la m'munsi. Nkhani yatha."

"Nanga ngati si choncho?"

"Iwe, ukufuna Apulofesa aone zabuluuzi? Anthu amanena kale kuti unalowa muno chifukwa cha chibale. Uwachititsa manyazi amalume ako pamaso pa alendo."

Mawu amenewo ndi amene anamumaliza Phuma. Anatsanulira sipiriti wabuluu musinki n'kutsegula mpopi. Anatsuka zikumbuzo kawiri, n'kuzibwezera m'mabotolo oyera. Anadula timapepala tiwiri. Pensulo inathyoka, anachita kusongolanso. Pa kapepala ka botolo la chonyezimira analemba kuti pamwamba, pamiyala, ndipo m'munsi mwake anaika tsiku ndi dzina lake.

Zonse zinatha naini koloko isanakwane. Chimene chinakana kuchoka ndi inki ya m'zikhadabo. Anapala ndi sopo, anapala ndi burashi, koma chala chachikulu chinakhalabe chabuluu. Anachibisa m'thumba la epuloni.

3. Buku la mafunso

Amalume analowa akutsimphina, ndodo ili patsogolo. Anapachika chipewa pamsomali, n'kukhala pampando wawo pafupi ndi madirowa onunkha mankhwala a njenjete.

"Tiyeni tigwire ntchito alendo asanafike. Wailesi, zako uzibaye pamapini. Iwe mwana wa mlongo wanga, bwera ndi mabotolo ako. Wayera milomo bwanji, sunadye?"

"Ndadya, Amalume."

Zakuda zija sizinavute. Koma Phuma atatulutsa chonyezimira chija ndi kachitsulo kopanira, Amalume anaweramira kutsogolo.

"Chiike pa maikulosikopu. Usathamange. Titsate buku."

Bukulo linali lokhuthala, lothaitha m'makona. Silinkatchula dzina la chikumbu nthawi yomweyo. Linkafunsa funso la mayankho awiri, yankho lililonse n'kukutumiza ku funso lina, mpaka utafika pa dzina. Amalume ankawerenga, Phuma diso lili pagalasi.

"Mwendo wakutsogolo, uli ndi kamphako kopesera tinyanga?"

"Kalipo."

"Tipite pa nambala 14. Pamwamba pa diso pali taubweya tingati, kamodzi kapena tiwiri?"

"Tiwiri."

"Werenga mizere ya pamsana, mbali imodzi yokha."

Phuma anawerenga, n'kusokoneza, n'kuyambiranso.

"Isanu ndi iwiri."

"Isanu ndi iwiri? Tukula phiko lolimbalo tione la mkati."

Phikolo linakana. Mapiko awiri olimba anali omatana pakati, ndipo kunsi kwake kunalibe mapiko oulukira. Buku linawafikitsa pa mayina awiri omaliza, koma palibe limene linagwirizana nacho. Loyamba linkanena za chikumbu chakuda bii, lachiwiri la chikumbu cha mizere isanu ndi inayi.

Amalume anamusuntha Phuma n'kukhala okha pa maikulosikopu. Anachitembenuza chikumbucho uku ndi uku. Atadzuka anavula magalasi, maso ali ndi misozi.

"Zaka makumi atatu ndikugubuduza miyala ya phiri lino, ichi sindinachionepo."

Anavuula kapepala m'botolo, n'kukawerenga mokweza. Phuma anabweza dzanja m'thumba la epuloni.

"Ana inu, khalani pansi ndikuuzeni," anatero Amalume. "Chikumbu chouluka chilibe malire, mphepo ikhoza kuchitengera kulikonse. Koma chopanda mapiko ngati ichi chimabadwira kunsi kwa mwala uwu, n'kukafera kunsi kwa mwala woyandikana nawo. N'chifukwa chake phiri lililonse likhoza kukhala ndi mtundu wakewake, mwinanso chigwa chimodzi chokha. Ndiye kapepala aka musamakaone kuchepa. Dzina tikalakwitsa, wina adzakonza, chifukwa chikumbucho chilipo, adzachiyang'ananso. Koma malo mukalakwitsa palibe adzakonze, popeza amene munalipo ndi inu nokha.

"Ine ndili mnyamata ndinkayenda ndi mkulu wina amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Tsiku lina ndinatola chikumbu chachilendo n'kuiwala kulemba. Ndinadzalemba patapita sabata, mongoganizira. Ndinkati ndikukumbuka ine. Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Mkulu uja anakhulupirira kapepala kanga. Nyengo zitatu za mvula anakwera chigwa chimene ndinalembacho, akugubuduza miyala mpaka manja kutuluka matuza. Sanapeze kanthu. Ine ndinkamunyamulira chikwama, ndikudziwa mumtima kuti mwina tikufuna malo olakwika, koma pakamwa panalemera. Anamwalira ndisanamuuze. Mpaka lero dirowa imene muli chikumbu chimenecho ndikamaitsegula ndimayang'ana kumbali.

"Choncho ngati simukudziwa, lembani kuti simukudziwa. Kusadziwa si mlandu."

Kenako anatembenukira kwa Phuma n'kumwetulira.

"Mayi ako amati ulibe kudekha. Lero ndikawaimbira foni ndiwauze kuti mwana wawo wandipatsa ulemu."

Phuma anayesa kumwetulira, koma milomo inakana. Anayang'ana Wailesi. Wailesi anali kalikiliki ndi mapini ake, mutu uli pansi.

4. Apulofesa afika

Galimoto inaima pabwalo dzuwa lili paliwombo. Munatuluka mayi wamfupi wovala nsapato zamatope, kagalasi kokulitsira zinthu kali lende pakhosi. Atapatsana moni ndi Amalume, tiyi anakana.

"Tiyi sathawa, bambo. Ndionetseni za ana."

Anayamba ndi thireyi ya Wailesi. Anaona mapini, anawerenga timapepala tonse, n'kugwedeza mutu.

"Zaukhondo. Palibe chachilendo, koma palibenso cholakwika."

Atafika pa chonyezimira chija, anaika kagalasi kaja padiso. Anachitembenuza chagada, anachiyang'ana kukamwa, anawerenga mizere kawiri.

"Sindinena kanthu ndisanachifanizire ndi zimene zili m'madirowa athu," anatero. "Koma ndikukayika ngati chimenechi chili ndi dzina. Anatola ndani?"

"Mwana wa mlongo wanga uyu," Amalume anayankha, chifuwa chili patsogolo.

"Tabwera kuno, mwanawe. Msampha wako wa pamwamba uli pamalo otani?"

"Pakati pa miyala iwiri ikuluikulu, Apulofesa."

"Nthaka yake?"

"Yakuda, yonyowa, ili ndi ndere."

"Dzuwa limafikapo?"

"M'mawa mokha."

Mayankho onsewo anali oona, koma lililonse linkamumangirira Phuma kubodza lija. Apulofesa ankalemba zonse m'kabuku kawo.

"Chimodzi sichikwanira," anauza Amalume. "Pafunika zambiri, zazimuna ndi zazikazi. Mwezi wamawa ndibwera ndi ophunzira anga asanu ndi mmodzi. Timanga matenti pamwamba pomwepo, masabata awiri. Misampha ya m'munsi tiyambe taisiya, makapu onse apite kumtunda."

"Ndikwera nanu," anatero Amalume.

"Ndi bondo limenelo? Adokotala anakuuzani chiyani?"

"Adokotala sanachione chikumbuchi. Ngakhale chokwawa, ndikafika."

Phuma anayang'ana bondolo. Linali lotupa moti buluku linkathina pamenepo. Njira ya pamwamba ankaidziwa, maola anayi kukwera, malo ena ogwira ndi manja.

Apulofesa anatsegula chikwama n'kutulutsa fomu. Anavula chotsekera cha cholembera ndi mano.

"Apa palibe chovuta kusankha. Mwanawe, ndiuze dzina lako lonse."

Phuma anatchula dzina loyamba, Apulofesa n'kulemba. Anatsegula pakamwa kuti atchule la bambo ake, koma mawu sanatuluke. Kuseri kwa Apulofesa, Wailesi ankamutuzulira maso n'kumapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Waiwala dzina la bambo ako?" Amalume anaseka.

Phuma anatulutsa dzanja m'thumba la epuloni n'kuliika patebulo, chala chabuluu chija chili poyera.

"Apulofesa, kapepalako n'kabodza."

5. Pensulo

Mpopi wa pasinki unkadontha.

Phuma anafotokoza zonse: mvula, pensulo yogwera mumng'alu, bolopeni, sipiriti wabuluu, timapepala tatsopano. Za Wailesi sanatchule.

"Ndiye sukudziwa kumene chinachokera?" Apulofesa anafunsa.

"Sindikudziwa. Mwina pamwamba, mwina m'munsi."

Amalume anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Kumwetulira kuja kunali kutatheratu. Anatenga botolo lachiwiri lija, n'kuvuulamo kapepala kake, popeza nako kanali kongopeka. Anakapinda kawiri n'kukaika m'thumba la malaya.

"Ine pakamwa panatseguka patapita zaka makumi atatu," anatero motsitsa mawu, osamuyang'ana. "Iwe patapita maola asanu. Koma unakhala pompo ukumva ndikudzitama, mwana wa mlongo wanga. Unandisiya ndidzitame."

Mawu amenewo anamupweteka Phuma kuposa kukalipiridwa. Misozi inayamba kugwera paepuloni.

Apulofesa anadula kapepala kena, n'kulembapo ndi pensulo kuti malo sakudziwika bwino, msampha wa m'munsi kapena wa pamwamba. Anakaika pambali pa chikumbucho. Kenako anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi Phuma.

"Pukuta misozi undimvere. Palibe wa ntchito ino amene sanawonongepo kanthu. Ine ndemwe ndinagwetsapo dirowa yathunthu, zikumbu za zaka makumi asanu n'kuthyoka miyendo. Ndinalira ngati mwana. Sipiriti wabuluu uja ukanandionetsa, ndikanaseka, ndikanakuuza kuti tsopano waphunzira. Tikanataya chiyani? Tikanangotchera malo onse awiri basi. Bolopeni ija inali ngozi, ndipo ngozi ndimakhululuka tsiku lomwelo.

"Koma pensulo ija sinali ngozi. Unakhala pansi, unaisongola, n'kulemba chinthu chimene sukuchidziwa, n'kuikapo dzina lako. Kapepala kotere kamakhala zaka zana. Iwe ndi ine tidzapita, iko kadzatsala kakunamiza anthu amene sanabadwe. Ndipo lero lomwe kakanatumiza anthu asanu ndi atatu pamwamba pa phiri, mmodzi wa iwo ali ndi mwendo umodzi wabwino.

"Kuulula kwakoku ndakuona, ndipo sindikukupeputsa. Unali utagwira kale chimene umafuna, n'kuchisiya wekha. Akuluakulu ambiri sangathe. Koma kwathu kuja kuli madirowa zikwi, ndipo amene ndimutenge ndizimusiya yekha ndi makiyi. Ndiyenera kudziwa kuti zinthu zikalakwika abwera kwa ine nthawi yomweyo, osati atayamba watsuka mabotolo. Chaka chino sindikutenga."

Anakoka fomu ija n'kudula mzere pa dzina lolembedwa theka. Phuma anauona mzerewo ukuyenda kuchokera pa chilembo choyamba mpaka chomaliza. Ankadziwa kuti palibe chimene angatsutse, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkawawa kwambiri.

Apulofesa anatulutsa fomu ina yatsopano n'kutembenuka.

"Iwe wa thireyi yaukhondo, dzina lako?"

Wailesi anatchula dzina lake ndi kamawu kakang'ono, Apulofesa n'kulemba. Analemba la bambo ake, analemba kalasi. Patatsala posayina pokha, cholembera chinaima m'malere. Anayang'ana sinki, anayang'ana matebulo awiri a atsikanawo amene anali ogundizana, kenako anayang'ana Phuma pamwamba pa magalasi.

"Ndikufunse chinthu chimodzi ndisanasayine, ndipo undiyankhe monga wandiyankhira muja. Pamene unkalemba timapepala tija, m'chipinda muno unalimo wekha?"

Wailesi anagwira m'mphepete mwa tebulo ndi manja onse awiri. Amalume anadzutsa mutu. Onse atatu anali kuyang'ana pakamwa pa Phuma.